Tsiku limene ndinamwalira ku Edinburgh nthawi ya 1 koloko

Ku Area 25 kuli anthu amene mpaka lero akandiona pamsika amati, "Mwadzuka bwanji a malemu?" Ena mwa iwo ndi a mpingo wanga womwe, anthu oti timakhala benchi imodzi Lamulungu. Ndatopa kufotokozera mmodzimmodzi, ndiye ndati ndilembe kamodzi kokha mmene zinakhalira, aliyense adziwerengere yekha.

Mwana wa mlongo wanga ndi namwino ku Edinburgh, ku Scotland. Anandiitana kuti ndikaone kumene amakhala, n'kundilipirira ndege yomwe. Unali mwezi wa Julaye, umene eni dziko amati ndi nyengo yotentha, koma ine ndinkangomva ngati ndili pa Dedza mu Juni, kamphepo kolowa m'mafupa ndi kamvula kowaza ngati chiperoni. Loweruka lake sanali pa ntchito, ndiye anadzuka m'mamawa, kukazinga mandasi, n'kunena kuti, "Malume, lero tikukaona linga la mafumu."

Ine ndinavala suti. Munthu sungapite kunyumba ya mfumu utavala ngati ukupita kudimba. Vuto lake linali lakuti thalauza la sutiyo ndinasoketsa mimba isanayambe kunditsogolera, moti pokhala pansi ndinkayamba ndapuma kaye. Mandasi ndinawaika m'jumbo, chifukwa ndinali nditaona kale mitengo ya zakudya m'tauni imeneyo.

Lingalo, lotchedwa Edinburgh Castle, analimanga pamwamba pa thanthwe limene kalekale linali phiri lophulika moto, ndipo kulikonse kumene ungaime m'tauni umaliona lili ndwii pamwamba pako. Tinakwera msewu woyalidwa miyala, tinalowa pachipata pamene pali zifanizo za ngwazi zakale za ku Scotland, Robert the Bruce ndi William Wallace, n'kuyamba kuzungulira. Pamwamba penipeni pali katchalitchi ka St Margaret, kamene Mfumu David I inamanga cha m'ma 1130 pokumbukira mayi ake. Akuti ndi nyumba yakale kuposa zonse mu Edinburgh, koma kuchepa kwake, kwaya yathu italowamo abesi angatsale panja. Chapafupi pomwepo ukasuzumira pansi umaona manda a agalu a asilikali, aliyense ndi mwala wake wolembedwa dzina, udzu wotchetcha bwino. Ndinaima nthawi ndithu ndikuganiza za manda a agogo anga kumudzi, amene timawazindikira ndi mtengo wa mkuyu basi.

Chimene chinandisocheretsa ndi mzinga wina wotchedwa Mons Meg. Ndi chimzinga cholemera matani 6, chimene Mfumu James II inalandira ngati mphatso mu 1457, ndipo chinkaponya miyala yobulungira ya makilogalamu 150. Kukamwa kwake mwana angalowemo n'kugona. Mwana wa mlongo wangayo anandiwerengera kuti chinang'ambika mu 1680 pamene ankachiomba polandira mlendo wachifumu, ndipo kuchokera pamenepo sichinalirenso. Ndinayang'ana mizinga ina yakuda imene yandandalikidwa m'mbali mwa khoma, ndipo mumtima ndinagamula kuti zonsezi ndi nkhalamba zopuma pantchito. Zida zoti zinasiya kulira Angoni asanaoloke Zambezi, ndani angaziope?

Apa m'pamene pakamwa panga panayamba kundipereka. Ndinayamba kumuuza mwanayo za Disembala 1993, nthawi ya Operation Bwezani, pamene asilikali ankalanda zida a Payoniya mu Lilongwe. Ndinati inu ana a masiku ano mfuti mumangoiona pa kanema, ife tinaimva ikulira pakhomo, ndipo ine sindinagwedezeke, ndinkamwa tiyi pakhonde. Akazi anga akanakhalapo akananena kuti tiyi ameneyo ndinamwera kunsi kwa bedi, koma iwo anali ku Area 25, ndiye mbiri inali m'manja mwanga.

Titatsika pang'ono tinapeza anthu ataunjikana pamalo ena, mafoni ali m'mwamba. Panali msilikali wovala bwino ataima pafupi ndi mfuti ina yooneka yatsopanoko, koma ine ndinangoti ndi zojambulitsa alendo. Sindikonda kupanikizana, ndiye ndinapatuka n'kukaima chapambali pakhoma, gululo ndi mfutiyo ndikuzipatsa nkhongo. Kuchokera pamenepo umaona tauni yonse, msewu wa Princes Street, mpaka madzi a Firth of Forth kutali uko. Ndinati zokongola chonchi ndisaone ndekha, ndinatulutsa foni n'kuimbira akazi anga pa WhatsApp, ya vidiyo.

"Malume, pali chimene ndikufuna ndikuuzeni," anatero mwanayo.

"Dikira kaye iwe, ndikuyankhula ndi azakhali ako."

Anangoti, "Chabwino malume," n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu, n'kutulutsa foni yake. Kaulemu kameneko ndinayenera kukakayikira.

Ndinali ndikuloza kumunsi, kuwauza akazi anga kuti m'munda wamaluwa uwo muli chifanizo cha David Livingstone, ndasi lili m'dzanja lamanzere, foni kumanja, pamene dziko linang'ambika. Guuu! Phokosolo sindinalimve ndi makutu okha, linalowera kumapazi n'kutulukira pa liwombo. Zimene ndinachita sindinaziganize, thupi linakumbukira lokha 1993. Ndinakuwa kuti, "Mayo ine ndafa! Andiombera!" n'kudziponya pansi chafufumimba. Foni inauluka, inagunda khoma, n'kuzima. Jumbo inaphulika, mandasi n'kuyamba kugubuduka pamiyala kutsetsereka ngati ana otuluka kusukulu. Ndipo kumbuyo kwanga kunamveka kulira kwachiwiri, kocheperako koma kowawa kuposa koyamba: kweee! Thalauza linatseguka kuchokera palamba mpaka pakati.

Ndinakwawa ndi zigongono, monga amachitira asilikali, mpaka ndinakabisala kuseri kwa miyendo ya gogo wina wa imvi mbuu. Nditakweza maso ndinaona kuti gogoyo ali ndi kapu ya tiyi m'manja, ndipo sanataye ngakhale dontho. Anayang'ana wotchi yake, anagwedeza mutu mokhutira, kenako anandiyang'ana ine pansipo n'kundifunsa m'Chingerezi chawo chija chovuta kumva ngati ndataya kanthu. Anthu ena onse ankaomba m'manja. Poyamba ndinkayesa akuombera msilikali uja, koma ambiri anali atatembenukira kwa ine. Mbalame zoyera za kunyanja zija, zazikulu ngati nkhuku ndiponso zakuba kuposa akhwangwala, zinatsika n'kugawana mandasi anga ine ndikuona.

Mwana wa mlongo wanga anali atagwira khoma, misozi ili chuchuchu, mawu osatuluka. Atapezako mpweya anandidzutsa n'kundifotokozera. Mfuti imeneyi imalira 1 koloko masana tsiku lililonse, kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi, ndipo anayamba kuiomba mu 1861. Cholinga chinali choti oyendetsa sitima zapamadzi ku doko la Leith azikonzera mawotchi awo. Panali kale mpira umene umagwa nthawi yomweyo pamwamba pa chipilala cha Nelson pa Calton Hill, koma kukagwa nkhungu sunkaoneka, ndiye anati pakhale choti anthu azimva. Ndinafunsa mokwiya kuti nanga bwanji osaomba 12 koloko ngati anthu olongosoka. Anati anthu a kuno amaseka okha kuti 12 koloko ikanawadyera zipolopolo 12, pamene 1 koloko n'chimodzi basi.

"Nanga tiyi wa pakhonde uja, malume?" anafunsa.

Sindinayankhe. Ndinali ndi nkhani ina yofunika kumbuyo.

Jekete la suti linali lalifupi, silinkabisa kanthu. Tinatuluka m'lingamo ine ndikuyenda chammbali ngati nkhanu, msana kukhoma, mwanayo akunditchinga kumbuyo. Kuchokera pachipata, msewu wakale wotchedwa Royal Mile umatsetsereka mpaka ku nyumba yachifumu ya Holyrood, ndipo mbali zonse kuli timashopu ta alendo. Tinalowa atatu. Thalauza wamba munalibe. Munali masiketi aja amavala amuna a ku Scotland, otchedwa kilt, koma nditamva mtengo wake ndinatsala pang'ono kugwanso kachiwiri. Mapeto ake tinagula kabulangete ka mizeremizere yofiira ndi yobiriwira, pa ndalama imene ku kaunjika wa ku Tsoka ndikanavala nayo chaka chonse, n'kukamanga m'chiuno ngati chitenje. Mwamuna wamkulu, mkulu wa mpingo, tayi pakhosi, chitenje m'chiuno. Alendo awiri anandiimitsa kuti ajambulitse nane, poganiza kuti ndine mwini dziko. Ndinavomera. Ulemu ukakupeza pa tsiku ngati limenelo suufunsa kumene wachokera.

Titafika pa tchalitchi chachikulu cha St Giles chitenje chija chinayamba kumasuka, ndiye ndinaima kuti ndimange bwino. Mnyamata wina podutsa analavula malovu pafupi ndi nsapato yanga. Ndinangoti mwina ndi chimfine. Posakhalitsa bambo wina wachikulire, wovala bwinobwino, anafika, kulavula pomwepo, n'kumapita osayang'ana m'mbuyo. Mtima unandiwawa. Ndinati, "Taona, mbiri yafika kale kuno. Mpaka kundilavulira chifukwa choopa mfuti yawo?" Mwanayo anandikoka dzanja n'kundionetsa pansi. Ndinali nditaima pa chithunzi cha mtima chopangidwa ndi miyala, chimene amachitcha Heart of Midlothian. Pamenepo panali khomo la ndende yakale imene anaigwetsa mu 1817, ndipo anthu amalavulapo mpaka lero, ena ponyoza ndendeyo, ena pofuna mwayi. Ine pa msewu wonse wautali uja ndinasankha pomwepo kuti ndimangirepo chitenje.

Ndinkafuna kubwerera kunyumba, koma matikiti a ku Holyrood anali atagulidwa kale, ndipo ndalama ya mwana siitayidwa. Kuseri kwa nyumba yachifumuyo kuli mabwinja a nyumba ya amonke imene David I yemwe uja anakhazikitsa mu 1128. Nthano yake imati mfumuyi ili kosaka nyama inagwetsedwa pa hatchi ndi mbawala yaimuna, ndipo inapulumuka mtanda utaonekera pakati pa nyanga zake, ndiye pothokoza inamanga malowa. Ndinaona kuti dziko n'lokondera. Mfumu inagwa chifukwa cha mbawala, anthu mpaka lero akulipira kuti aone pamene inathokozera. Ine ndagwa chifukwa cha mfuti yeniyeni, ndalandira malovu.

Denga la tchalitchi cha amonkewo linagwa mu 1768, moti kwatsala makoma ataliatali, mawindo opanda magalasi ndi zipilala zoduka. Kamvula kanayambanso, ndipo tili chiimire m'katimo mwanayo anatulutsa foni kuti andionetse vidiyo ya kugwa kwanga. Nkhope yake inasintha. Foni inali pa sailenti kuyambira m'mawa, ndipo inali itadzaza ndi mafoni ophonya ochokera ku Malawi.

Apa m'pamene tonse awiri tinakumbukira kuti akazi anga anali pa laini. Chomaliza chimene anamva ndi kulira kwa mfuti ndi mwamuna wawo akukuwa kuti andiombera. Chomaliza chimene anaona ndi mitambo, kenako mdima. Ndipo panali patapita maola atatu.

Mwanayo anaimba ya vidiyo. Anayankha ndi mlamu wanga, maso ali psuu, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka amayi a Mvano akuimba nyimbo ija timaimba pa siwa. Mipando ya pabalaza inali itatulutsidwa kale panja. Mnyamata wa neba anali atathyola masamba oti aike pamsewu, akungodikira mawu a abusa. Mng'ono wanga, ndinamva pambuyo pake, anali atafunsa kale mtengo wonyamulira maliro pandege, komanso mwaulemu ndithu, kumene ndimasunga bulubuku ya galimoto.

Foni inafika kwa akazi anga. Ndinaima mowongoka n'kunena kuti, "Mayi, ndine ndemwe, ndili moyo, palibe chachitika." Anandiyang'ana, anayang'ana kumbuyo kwanga, makoma ogumuka, mawindo opanda kanthu, denga palibe, mvula ikundigwera pamutu, ine nditakulungidwa m'bulangete. Analira mokweza kuposa poyamba.

"Taonani anthuni, nyumba yonse aiphulitsa! Amufunditsa bulangete la kuchipatala!"

Zinanditengera nthawi kuwatsimikizira kuti dengalo linagwa mu 1768 ndipo ine sizikundikhudza. Amayi a Mvano anabwera mmodzimmodzi kudzasuzumira pa foni, wina mpaka anandiuza kuti ndigwedeze dzanja kuti aone ngati si chithunzi. Nyimbo inasiya. Kenako kunakhala chete wa mtundu wina, ndipo akazi anga anapukuta misozi, kuyandikitsa nkhope pa foni, n'kufunsa ndi mawu amene ndimawadziwa bwino:

"Abambo, nanga thalauza lili kuti?"

Madzulo omwewo vidiyo ija inalowa pa gulu la WhatsApp la banja, kuti aliyense akhulupirire kuti sindinavulale. Mwanayo akuti anatumiza chifukwa cha chikondi. M'mbale ya chipepeso munali mutagwa kale kangachepe, ndipo popeza tiyi anali atamwedwa ndi nkhuni zitayaka, anagwirizana kuti ndalama yotsalayo isabwezedwe, igulire malemu foni ina. Ndi imene ndikulembera nkhaniyi, ndipo msungichuma wa Mvano akandiona nayo amandikumbutsa kuti ndiziisamala chifukwa ndi ya gulu.