Kodi ufulu wathu uli m'manja mwa yani?

Dzulo madzulo ndinaima pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi kuno ku Mangochi ndikuyang'ana chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria, chimene atsamunda anamanga pamene tauni ino inkatchedwa Fort Johnston, ndipo ndinadzifunsa ngati ulamuliro umene tinalandira pa 6 Julayi 1964 tili nawo wonse. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, patangotsala masiku ochepa kuti bungwe la IMF, limene limabwereketsa ndalama ku mayiko, livomereze ngongole yathu ku Washington. Amalume anga, amene amapha usipa ku Malembo, sanamvepo za zokambirana zimenezo, koma mafuta a injini ya boti lawo anakwera mtengo sabata yomweyo, ndipo ukonde umene ankausungira ndalama anausiya m'sitolo.

Sindikunena kuti atsogoleri athu alibe mlandu, ayi. Chimene chimandipweteka n'chakuti ku United Nations mayiko 5 okha ndiwo ali ndi mphamvu yoletsa chigamulo cha nthambi yoona za chitetezo, pamene Africa, ndi mayiko ake 54, yakhala ikupempha mipando iwiri yokhazikika kuyambira mu 2005 koma mpaka lero sinapatsidwe.