Za phokoso la aneba a pamwamba kuno ku Joni

Amene simunakhalepo mu fulati yosanjikizana mwina muziona ngati nkhani yachibwana. Kwathu ku Ndirande phokoso la neba limalowera cham'mbali, wailesi, ana, ndewu ya Loweruka usiku, ukatseka windo limachepako. Kuno limatsika kuchokera kudenga ndipo palibe choti utseke.

Ine ndimachita lendi ku Yeoville, ntchito yanga ndi ya usiku ndiye tulo tanga ndi ta masana. Pamwamba panga panalowa banja lina lili ndi kamwana kongoyamba kuthamanga, kakayamba di di di kuchoka kuchipinda mpaka kukhitchini ndimachita kudziwa pomwe kafika, mpando akakoka ngati akukokera pamutu panga penipeni, koma chomwe chinandithetsa nzeru ndi kugunda kwina kwa cha m'ma 10 m'mawa, du, du, du, mpaka babu kumagwedera. Ndinkati mwina akukhoma misomali, koma misomali yanji yosatha?

Anzanga kuntchito aliyense ndi nzeru zake. Wina akuti gunda siling'i ndi mtengo wa tsache, zomwe ine ndimaona kuti n'kuyamba nkhondo basi, munthu wa pamwamba ali ndi mphamvu kuposa iwe, akangoganiza zobwezera watha. Wina akuti imbira a JMPD, apolisi a mzinda. Zoona iwo amaona za phokoso mu Johannesburg, ngati ndi pate ya ma speaker pakati pa usiku zimamveka, koma ukawauze kuti mwana akuthamanga masana? Komanso tisanamizane, ife obwera kuitanira mnzako apolisi si nkhani yaing'ono, sudziwa mapepala ake ali bwanji.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti phokosoli lili mitundu iwiri. La nyimbo ndi mawu limayenda mu mpweya, konkire imalitchinga ndithu. La mapazi, mipando ndi kugunda limalowa mu konkire momwemo n'kuyenda m'makoma, ndiye wa pamwamba amangomva pang'ono pomwe iwe pansi ukumva ngati ng'oma. Nyumba zambiri eni ake anachotsa makapeti n'kuika matailosi, zinthu zinaipira pamenepo. N'chifukwa chake tophimba m'makutu sitithandiza kwenikweni pa kugunda kotere, mankhwala ake ali pamwamba pomwe phazi likuponda.

Ndinakwera masana, osati nthawi yomwe mtima uli m'mwamba. Kugogoda, atsegula mayi wachitenje, pakona pali mtondo ndi musi, nsinjiro zili m'lichero. Aise, anthu akwathu! A ku Balaka. Mtondo anachita kubwera nawo pa basi.

"Zikomo achemwali, ndine wa pansi panu. Pepani, tatsikani pang'ono mudzamve kanthu kena, achimwenewo atsale akusinja."

Anatsika, anaima pakati pa chipinda changa, amuna awo kumwamba du, du. Mayi anagwira pakamwa. "Mayo ine achimwene, ndife amene tikuchita zimenezi? Bwanji simunanene kale?"

Kumuitana munthu kuti adzamve yekha kumaposa kufotokoza kulikonse, ukamangonena amaona ngati ukukokomeza kapena uli naye chifukwa. Tinagwirizana kuti mtondo uziikidwa pa bulangete lakale lopindapinda ndipo azisinja madzulo ine nditadzuka, kumiyendo ya mipando tinamata timphira, kapeti ya pakolido tinasonkherana yakaunjika. Inde ndinaponyapo ndalama yanga pa kapeti ya eni ake, ena anandiseka, koma tulo n'tanga.

Si onse amamva chonchi, ena amakutsekera chitseko kumaso. Zikatero lembani tsiku ndi nthawi ya phokoso lililonse, kujambula pa foni kugunda sikumveka bwino ndiye pepala ndi lomwe limakuthandizani. Ngati nyumbayo ndi ya sectional title, yomwe fulati iliyonse ili ndi mwini wake, imakhala ndi body corporate, bungwe la eni mafulatiwo, komanso malamulo ake a kakhalidwe, ndipo iwo amalimbana ndi mwini fulati, choncho dandaulo lanu lidzere kwa landilodi kapena ejenti, molemba osati pakamwa. Zikakanika kuli CSOS, ofesi ya boma yoweruza mikangano ya m'nyumba zoterezi, yomwe lamulo lake ndi la 2011 ndipo inayamba kulandira madandaulo mu 2016, wa lendi nayenso amaloledwa kukadandaula. Ngati vuto ndi landilodi wanu amene sakulabadira, ku Rental Housing Tribunal, bwalo loona mikangano ya alendi ndi malandilodi, salipiritsa.

Koma izi zimayenda m'nyumba zomwe zili ndi dongosolo. Ambiri a ife timakhala moti lendi umapereka kwa munthu amene nayenso akuchita lendi, lease palibe, mwini wake sunamuonepo. Kumeneko amene ali ndi mawu ndi keyateka, yambani mwamupeza iyeyo, ndipo mupite naye limodzi pamwambapo osati kumutuma yekha.