Tinayamba ndi njinga yamoto imodzi ku Area 23, lero tatsegula ofesi

Mwezi uno tatsegula kaofesi ka bizinesi yathu yonyamula anthu ndi katundu ndipo tagula galimoto ya Sienta yathuyathu, yopanda ngongole ya munthu. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti tinayamba bwanji, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti onse mumve.

Amene amakhala ku Area 23, ku Chilinde, ku Kawale kapena ku Area 22 akudziwa mmene m'mawa umakhalira. Anthu timagona tsidya lino la mtsinje wa Lilongwe, koma ntchito zambiri zili tsidya linalo: ku City Centre, ku Capital Hill, ku Kamuzu Central Hospital, ku Kanengo. Milatho ndi yowerengeka. Tsidya lomwe lino kulinso Kamuzu Barracks, likulu la asilikali athu, malo aakulu amene munthu wamba sangangodulamo ngati akudula pamunda. Choncho aliyense wotuluka kuno amathira m'misewu yomweyomweyo, makamaka wa Chidzanja, ndipo onse amafuna kuwoloka ola limodzi. Boma linasamutsira likulu kuno kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 mzindawu unali utafika anthu pafupifupi 1 miliyoni. Misewu ya kumakomboni kuno sinakule nawo.

Mu 2019 bambo a kunyumba anasiya ntchito yaulonda, ine ndinatenga ndalama zanga za ku banki mkhonde, tinaphatikiza n'kugula njinga yamoto yogwirapo kale ntchito. Iwo ankakwera, ine ndinkagwira foni ndi kabuku. Kabukuko ndiye bizinesi yeniyeniyo. Ndinkalembamo kuti kasitomala wanyamuka nthawi yanji, wadzera kuti, wafika nthawi yanji. Patapita miyezi tinaona chimene a kabaza ambiri amachidziwa m'mutu koma sachilemba: njira yabwino imasintha ndi wotchi. Wopita ku City Centre akatuluka isanakwane 6 koloko, wa Chidzanja ndi wosalala. Akachedwa pang'ono, ana asukulu, maminibasi oima paliponse ndi magalimoto a anthu apantchito zakumana pamodzi, ndiye timamupititsa mkatimkati mwa Chilinde n'kukatulukira kutsogolo. Wopita ku Old Town m'mawa sitimulowetsa mwachimbulimbuli ku depoti ndi msewu wa Malangalanga; kumeneko pa nthawi imeneyo ngakhale njinga imaima. Ndipo wopita ku Area 49 kapena ku Kanengo nthawi zina timamutembenuzira kummwera, kukalowa M1, kukafika pa raundabauti ya Bunda, n'kutenga msewu wolambalala mzinda mpaka pa msewu wa Mchinji, kenako Kaunda Road. Kasitomala watsopano amayamba wakangana nafe kuti mukundibweza mmbuyo. Mtundawo ndi wautali ndithu, mafuta amapita ambiri, koma amakafika anzake akadali pamlatho.

Lamulo limodzi tinaika pachiyambi pomwe ndipo silinasinthe: njinga yathu siyandikira mpanda wa asilikali pofuna chidule. Alipo anyamata m'tauni muno amene amadzitama kuti amadziwa tinjira ta m'mbali mwa barracks. Kwathu ameneyo ntchito imamuthera tsiku lomwelo. Kasitomala akakhala wa mkatimo, timakamusiya kapena kumutenga pageti, injini yozimitsa, chipewa chovula, osajambula chilichonse ndi foni. Magalimoto a asilikali akamatuluka mondondozana, timapatuka n'kudikira. Chimodzimodzi mdipiti wa apulezidenti ukamachokera ku State House, imenenso ili mbali yomwe ino: msewu ukatsekedwa watsekedwa, palibe zochonderera apolisi. Chimene timachita n'kuuzana msanga pa gulu lathu la WhatsApp kuti amene sanafike pamenepo apatukiretu. Khalidwe limeneli ndi limene linatipatsa makasitomala athu okhulupirika kwambiri, akazi a asilikali ndi ana awo, amene sakwera njinga ya munthu wachipongwe.

Zaka za ntchito yokuza misewu zinatipindulira, sindibisa. Interchange ya ku Area 18 itatsegulidwa mu 2020, kenako n'kuyamba kukumba Kenyatta Drive ndi Mzimba Street mu 2021, anthu a magalimoto awoawo ambiri anayamba kuwasiya pakhomo n'kutiimbira ife. Njinga zinawonjezeka, tinalemba anyamata.

Kenako kunabwera 2023. Kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiye mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Matayala, tcheni, mabuleki, zonse zimachokera kunja, ndipo mitengo inkasintha munthu uli pamzere wolipira. Mafuta ankasowa. Anyamata athu ankagona pa malo omwetsera mafuta, kukacha thanki yopanda kanthu, kasitomala akuimba. Amene anali ndi njira anali a zigubu, pa mtengo umene ukanati tiwuike pa kasitomala palibe akanakwera. Tinali titalandira kale ndalama za mwezi kwa makolo a ana asukulu, ndiye tinkanyamula anawo moluza, tsiku ndi tsiku, chifukwa mwana wa munthu sungamusiye pamsewu n'kumati kwacha yagwa.

Nthawi imeneyo ndi imene tinadziwa anthu. Bambo wina amene anatibwereka ndalama, amene pa nthawi yabwino ankabwera kudzadya nsima pakhomo pathu n'kumanditchula kuti mlamu, anadzatenga njinga ziwiri zimene tinaika chikole tsiku limene tinagwirizana lisanakwane, ati zinthu zasintha. Njingazo timakumana nazo pamsewu mpaka lero, atangosintha mtundu wa mpando. Winanso wa sitolo ya masipeya anatigulitsa matcheni abodza m'mabokosi a enieni. Sinditchula maina, akudzidziwa. Ndingowauza kuti Sienta ija imaima panja pa ofesi masana onse, akhoza kudzaiona.

Tinatsala ndi njinga imodzi, monga tinayambira, ndi kabuku kaja. Tinasiya kuthamangitsa aliyense wa pa siteji n'kutsamira pa anthu olipira pamwezi ndi katundu wa m'maofesi, chifukwa ulendo wodziwikiratu umalola kuti uwerengere mafuta. Pang'onopang'ono tinadzuka.

Othokoza ndi ambiri. Amayi a ku banki mkhonde kwathu, amene munandilola kudumphitsa miyezi osandichotsa m'gulu, Mulungu akudalitseni. Apongozi anga, amene munagulitsa mbuzi kumudzi n'kutitumizira ndalama tisanapemphe. Achimwene a pa galaja ya ku Biwi, amene mwakonza njinga zathu usiku ndi tochi ya foni, n'kumati mudzalipira zikayenda. Anyamata athu awiri amene munakana kuchoka pamene malipiro ankabwera theka. Lero ndinu amene mukuphunzitsa atsopano. Amayi a ku barracks amene munkatumiza ndalama ya mwezi wotsatira mwezi usanathe, mukudziwa bwino chifukwa chake. Abusa ndi amvano a mpingo wathu. Ndi inu bambo a ana anga, amene mwanyowa ndi mvula ya Januwale zaka zonsezi osadandaula pamaso pa ana, zikomo.

Tsopano za ntchito. Timanyamula ana asukulu pa Sienta kuchokera ku Area 23, Chilinde, Kawale ndi Area 22, ndipo malo a temu ikubwerayi ayamba kale kudzaza. Apantchito ofuna kufika 7:30 isanakwane timapangana nthawi yonyamuka sabata yonse, ndipo wolipira pamwezi amalipira mochepera. Makalata, mankhwala, chakudya chamasana ndi katundu wa amayi ogulitsa pa Facebook timakasiya pakhomo kapena pa ofesi tsiku lomwelo. Wokwera njinga aliyense ali ndi laisensi, njinga zili ndi inshuwalansi, ndipo kasitomala amapatsidwa chipewa chake. Okana kuvala sitiwanyamula. Malipiro timalandira pa Airtel Money, pa Mpamba kapena pamanja. Nyengo ya mvula ikayandikira tinjira ta mkati timadzaza matope ndipo maulendo amatenga nthawi yaitaliko, choncho amene mukufuna malo okhazikika tilembereni msanga kuti tikuikeni pa ndandanda.