Mkati mwa madiresi akale a ku Ulaya

Pa maphunziro athu a zosoka pali gawo la mbiri ya zovala, ndipo anzanga ambiri amalitenga ngati nthawi yopumira manja. Ine landikoka mtima, makamaka zaka za pakati pa 1850 ndi 1870, pamene azimayi a ku London ndi Paris ankavala masiketi otambalala moti awiri sakanadutsa pakhomo limodzi. Ndimaphunzira poyang'ana zithunzi zimene nyumba yosungira zakale ya Victoria and Albert ku London inaika pa intaneti. Ubwino wake ungathe kukulitsa chithunzi mpaka kuona ulusi umodziumodzi, ndipo pamene ndimachedwa kwambiri ndi pa zithunzi zoonetsa diresi mkati mwake.

Chisanafike chaka cha 1856, mayi wofuna siketi yotukumuka ankavala mapitikoti angapo mosanjikiza, ena oumitsidwa ndi ubweya wa kavalo. Katundu yenseyo ankalendewera m'chiuno tsiku lonse. M'chakacho kunabwera chovala chotchedwa crinoline: mikombero ya zitsulo zopyapyala, yolumikizidwa ndi malamba a nsalu, yooneka ngati dengu lalikulu lovundikirira anapiye. Ukachiona pachithunzi umaganiza kuti n'chilango, koma kwa ovalawo chinali mpumulo, chifukwa chinali chopepuka ndipo miyendo inkayenda momasuka mkati. Mafakitale anachipanga chambirimbiri mpaka mtengo unatsika, ndiye antchito a m'nyumba ndi atsikana a m'mafakitale nawonso anayamba kuchivala. Vuto linali moto. Nyumba zinkafunditsidwa ndi moto wa malasha wosatchinga, ndipo mayi akangotembenuka mpendero unkafika pamoto iye asanadziwe, mpweya wa mkati mwa siketi n'kumaukolezera. Ambiri anafa nazo.

Chaka chomwecho cha 1856, mnyamata wa zaka 18 wa ku London, William Henry Perkin, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo, kuchokera ku phula la malasha. Kwininiyo sanatheke. M'malo mwake anapeza utoto wa pepo umene unkagwira bwino pa silika. Mitundu yambiri yatsopano ya utoto wopanga m'fakitale inayambira pamenepo, ndipo patangopita zaka zochepa madiresi anadzaza mitundu yowala yolasa m'maso. Timazolowera kuganiza za anthu akalewo ngati ovala zakuda ndi zotuwa chifukwa zithunzi zawo zinalibe mitundu, koma madiresi enieniwo amafuula. Mtundu wina wobiriwira, umene unalipo kale Perkin asanabadwe, unkapangidwa ndi poizoni wa arsenic. Mu 1861 mtsikana wa zaka 19, Matilda Scheurer, anamwalira ku London chifukwa cha ntchito yake yowaza ufa wobiriwirawo pa maluwa opanga amene azimayi ankakongoletsera mitu ndi madiresi.

Tsono mkati mwa diresimo ndi mmene muli sukulu yeniyeni ya telala. Kawirikawiri chapamwamba ndi siketi zinali zosiyana, ndipo siketi imodzi inkatha kukhala ndi zapamwamba ziwiri: china chotseka mpaka m'khosi cha masana, china chotsegula mapewa cha madzulo. M'misoko ya chapamwamba ankasokereramo timizere tolimba tochokera m'kamwa mwa nangumi, kuti nsalu isakwinyike pathupi. Mkati muli kalamba komangirira m'chiuno, kuti kulemera kwa chovala kusakokere kumbuyo. Pa kalamba kotere mpamene Charles Frederick Worth, Mngelezi amene anatsegula nyumba yake ya zovala ku Paris mu 1858, ankaika dzina lake. Lero chovala chilichonse chili ndi dzina pakhosi, koma nthawi imeneyo wosoka kudzilemba pa chovala ngati wojambula chithunzi chinali chachilendo. Pansi pa siketi, m'mphepete mwa mpendero, ankasokerera kansalu kolimba koti kazikhula pansi ndi kutola matope. Kakatha ankakasomola n'kuikapo kena, silika wodulayo ali bwinobwino.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi timabowo ta singano totsalira pamene panali msoko wakale. Ukatitsatira umaona kuti diresi inakulitsidwapo, kenako inachepetsedwa, mwina manja anasinthidwa kuti agwirizane ndi fashoni yatsopano. Osoka ankasiya nsalu yambiri dala m'misoko poganizira za mawa. Pali madiresi ena osokedwa m'ma 1840 ndi silika wolukidwa zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo, kutanthauza kuti mdzukulu anasomola diresi ya agogo ake n'kuidulanso. Chifukwa chake n'chosavuta: nsalu ndiyo inali ndalama, pomwe manja a wosoka anali otchipa zedi.

Kutchipa kwa manjako n'kumene kumandiwawa, mwina poti nanenso ndi ntchito yomwe ndikulowa. Isaac Singer analembetsa makina ake osokera mu 1851, ndipo ungayembekezere kuti osoka anapumako. Ayi ndithu. Msoko wowongoka utayamba kufulumira, makasitomala anangowonjezera zofuna: malesi, maliboni, mapindo osanjikizana kuyambira m'chiuno mpaka pansi, zambiri mwa izo zomalizidwa ndi manja. Madiresi a m'ma 1870, pamene kutukumuka kunachoka m'mbali n'kupita kumbuyo, ndi odzaza zokongoletsa kuposa a zaka 20 m'mbuyomo. Mu 1863 Mary Ann Walkley, wazaka 20, wosoka pa nyumba ina yotchuka ya mumsewu wa Regent ku London, anamwalira atagwira ntchito maola oposa 26 osalekeza m'chipinda chothinana ndi atsikana anzake, akuthamangitsa madiresi a phwando la kunyumba yachifumu. Nkhaniyo inalembedwa m'manyuzipepala, anthu anadandaula, koma ntchito inapitirira momwemo kwa zaka zambiri. Aliyense amene wasokerapo ukwati usiku wa Lachisanu akudziwa kakomedwe ka mawu oti "mawa m'mawa ikhale itatha", ngakhale zathuzi sizifika pamenepo.

Pali chinthu chinanso chimene ndaphunzira kusamala nacho. Madiresi amene ali m'nyumba zosungira zakale si chithunzi cha azimayi onse a nthawi imeneyo. Zimene zinasungidwa ndi za ukwati, za maphwando, za anthu olemera okhala ndi mabokosi ndi zipinda zosungiramo. Zambiri ndi zazing'ono thupi, ndipo anthu amathamangira kunena kuti azimayi onse akale anali ndi ziuno zonga za mavu. N'zoona kuti ankavala chomangira chiuno cholimba chotchedwa corset, koma ine ndikuona kuti chifukwa china n'cha utelala: diresi yaikulu ungaidule kuti ikwane mng'ono wako, pomwe yaing'ono kwambiri ilibe wina woilandira, ndiye imangokhala m'bokosi mpaka kufika kwa ife. Komanso siketi yotambalala imanamiza maso, chiuno n'kumaoneka chaching'ono kuposa mmene chilili.

Zovala za mayi wochapa, wogulitsa pamsika kapena wa m'fakitale n'zosowa kwambiri, chifukwa zinkavalidwa mpaka kutheratu. Diresi ya dona inkapita kwa wantchito wake, kuchoka apo n'kukagulitsidwa pa misika ya zovala zakale monga wa Petticoat Lane ku London, kaunjika wa nthawi imeneyo. Ikang'ambika ankaidula kukhala ya mwana, kenako chigamba, kenako chopukutira. Ngakhale sanza zinali ndi ogula: za thonje zinkapita kopanga mapepala, za ubweya zinkapita ku matauni a ku Yorkshire monga Batley, kumene makina ankazinyenyanyenya n'kuzilukanso kukhala nsalu yotchipa ya mabulangete ndi majasi.