Ola la 23 lophunzira kuyendetsa ndege: ndadutsa pamwamba pa tchalitchi

Loweruka mphepo imachokera kumadzulo, ndiye tinali pa runway 27, msewu wonyamukira ndi kuterera ndege woloza kumadzuloko. Tikubwerera ku bwalo, aphunzitsi anga anapinda manja n'kunena kuti, "Overhead join ya lero ndi yanu, ine ndangokwera nawo."

Kwa inu amene simunakwerepo kandege kakang'ono: kuno ku England, pa bwalo laling'ono sumangofika n'kutera ngati minibasi pa siteji. Pa overhead join umayamba wafika pamwamba pa bwalolo uli pa mafiti 2,000, altimeter (yoonetsa kuti wakwera m'mwamba bwanji) utaitchera pa QFE kuti iziwerenga kuyambira pa nthaka ya bwalo. Uli pamenepo umaona kumene windsock (nsalu yosonyeza kolowera mphepo) yaloza, n'kuwerenga ndege zimene zikuzungulira pansi pako. Ukatero umatsikira ku dead side, mbali yopanda ndege zozungulira, mpaka mafiti 1,000, n'kudutsa pamwamba pa runway chakumapeto kwake, kenako n'kulowa downwind, pamene umauluka m'mbali mwa runway motsatira mphepo.

Zonsezi zinayenda bwino, mpaka ndinayamba kudzimva. Chinandigwetsa ndi mudzi. M'buku circuit, njira imene ndege zimazungulira pa bwalo, ndi yamakona anayi owongoka, koma yathu ndi yopindika dala kuti izilambalala nyumba za anthu. Umayenera kupitirira mudziwo kaye usanakhote kulowa base, chigawo chimene umatsikira usanaloze runway kuti utere. Ine maso anali pa liwiro ndi ma flap (zigawo za mapiko zimene umatsitsa potera), ndinakhota msanga. Poona kuti ndatsika kwambiri ndinawonjezera moto, kandege kathu ka Cessna 152 n'kubangula pamwamba penipeni pa tchalitchi.

Tiyi asanazizire n'komwe, foni inali italira kale ku kalabu. Mayi wina wa m'mudzimo, wodandaula za phokoso, anawerenga zilembo za kunsi kwa phiko, zonse zisanu, osaphonya.

Poyamba zinandinyansa, kamphindi kamodzi komweko mpaka kuimba foni? Aphunzitsi sanandikalipire, anangondiwerengetsa masamu. Kuzungulira kamodzi kumatenga mphindi pafupifupi 6. Ndege zikakhala zitatu, pamphindi ziwiri zilizonse ina ikudutsa, tsiku lonse la Loweruka. Ndinakumbuka kwathu tili ana, nyumba yoyandikana ndi chigayo. Wobwera kudzagayitsa amamva phokoso la ndowa yake yokha, ife timalimva mpaka dzuwa kulowa.

Lamulungu ndinapita pa galimoto kumudziko n'kukaima panja pa tchalitchi chija. Ndege ikamatsika injini itachepetsedwa, siivuta kwenikweni. Yosokosa ndi ya munthu ngati ine, wowonjezera moto ali m'munsi.

Pa mapu anga mudziwo ndauzunguliza ndi cholembera chofiira, ndipo ndasankha kankhalango kena ngati chizindikiro chokhotera. Loweruka likubwerali tibwereza overhead join katatu, mitambo ikalola, poti ikatsika kufika pansi pa mafiti 2,000 sizitheka.