Buluku langa linapita ndi nyanja ya mchere

Kanema amene alamu anga aponya pa gulu la WhatsApp la ku Area 25 ndi weniweni, sindikana. Munthu wovala chitenje cha maluwa ofiira uja, akutsika m'bwato ngati mkwatibwi pa chinkhoswe, ndine ndithu. Koma musanayambe kunditcha Nachisale pa bawo Loweruka, imvani kaye mbali yanga.

Kachilumbako amati Ilha de Goa, kali kutsogolo kwa Ilha de Moçambique, kumene kunali likulu la Apwitikizi asanalisamutsire ku Lourenço Marques (Maputo wa lero) mu 1898. Kulibe msika, kulibe golosale, kuli nsanja ya nyale basi, yomangidwa mu 1876 kuti sitima zisamagunde miyala usiku. Eni ake amaitcha farol. Alamu ndiwo anaumirira kuti tafika kale ku Nampula kudzapikula katundu, tingabwerere bwanji ku Lilongwe osalawako madzi a mchere?

M'bwato la matanga lija ine ndimo ndinayalamo mbiri yanga. Ndinakulira ku Senga Bay, madzi ndi ine ndi pachibale, mwera ndinauonapo ndili mu Sitandade 3. Bwato silinafike pamtunda penipeni, tinatsikira m'madzi olekeza m'ntchafu, buluku n'kunyoweratu. Ndiye ndinachita zimene mwana aliyense wa ku Salima angachite: kuvula, kuliyala pamchenga, kutsindira ndi mwala, nsapato pambali pake. Malaya anali aatali, ndipo pachilumbapo panalibe woti n'kumuchitira manyazi.

Mwini bwato ankaloza madzi akuti, "Maré, maré!" Ine Chipwitikizi chimene ndimadziwa ndi liwu limodzi lokha, ndiye ndinamuyankha nalo mwaulemu: "Obrigado." Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu.

Pamwamba pa nsanjayo mphepo yake ndi yokoma, abale. Tinakhalitsa. Alamu akujambula zithunzi, ine ndikuwalozera uku ndi uku ngati amene ndinamanga ndine. Kenaka anandikodola.

"Alamu, paja munayanika pati?"

Nditasuzumira pansi, mchenga uja wachepa. Madzi anali kubwera mwaulemu, ngati mlendo wodziwa kuti nsima ndi yake ndithu. Funde loyamba linangonunkhiza nsapato ya kumanzere n'kubwerera. Lachiwiri linaitenga. Lachitatu linakambirana ndi mwala uja, mwala n'kuvomera. Buluku langa, limene ndinagula ku Tsoka K18,000 nditanenerera mpaka wogulitsa kutsala pang'ono kulira, linadzuka. Mpweya unalowa m'miyendo yake, linafufuma bwinobwino kuposa mmene limaonekera ine ndikalivala, linatembenuka kamodzi ngati likutsanzika, mwendo umodzi n'kukweza m'mwamba. Silinathamange ayi. Linanyamuka pang'onopang'ono ngati bwana wotuluka mu ofesi Lachisanu, kulunjika ku Madagascar, m'thumba muli makiyi a nyumba ndi ma meticais a chakudya chamasana. Nsanja imene anaimanga kuti anthu aziona patali inagwiradi ntchito yake, chifukwa ndinaliona mpaka litasanduka kadontho.

Kutsika kwake musafunse. Masitepe ake ndi opapatiza, ndipo kabudula wamkati amene ndinavala tsikulo lasitiki yake inapuma pantchito kalekale. Dzanja lina pakhoma, lina pachiuno. Alamu m'malo mothamangira kukapulumutsa katundu, anatsalira m'mbuyo akuseka mpaka kutsokomola.

Pamchenga m'pamene anakumbukira Jogalafe ya Fomu 2: ati mwezi umakoka madzi a m'nyanja zikuluzikulu, amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndiyo maré ankanena mwini bwato ija. Nanga osanena poyamba paja bwanji? Ndipo inu amene mukusekanu, ndiuzeni: nyanja yathu inayamba yachitapo zoterezi? Ya ku Salima imakwera mvula ikagwa, imakupatsa miyezi yathunthu yoti usamutse katundu wako. Amayi anga akhala akuyanika zovala pamchenga zaka makumi, sanasowepo ngakhale sokosi. Nyanja yoti iyende yokha kudzatenga zinthu za mlendo, imeneyo ndi yakuba basi.

Chitenje chija anandibwereka mwini bwato, iwo amati capulana, chinali chofundira nsomba. Ndicho chifukwa m'kanemamo amphaka akundilondola. Amayi a kumeneko odzola zoyera kumaso anandiombera m'manja, ndipo kunena zoona ndinachimanga bwino, onetsetsaninso mfundo yakeyo.

Chitseko cha kunyumba tinachita kuthyola, mayi a kunyumba anali kumudzi ku Dedza. Nsapato ya kumanja ndinabwera nayo, ili pansi pa bedi. Ndi sayizi 9, ikadali yabwino ndithu.