Kufunafuna buku la Afarao lomwe malume anabwera nalo ku Mtunthama

Bukulo linafika kwathu lilibe chikuto. Malume ankaphika ku Kamuzu Academy, sukulu ya ku Mtunthama ija yomwe ana amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo mphunzitsi wina anawapatsa pobwerera kwawo. Ine ndili mu Sitandade 5, ndinkaliwerenga pa koloboyi mpaka mphuno kuda ndi utsi.

Chaka chatha mwana wanga atandifunsa za mapiramidi, mtima unangoti myuu, ndipo ndinaganiza zolisaka.

Ndinayamba ndi kulemba zomwe ndinkakumbukira: piramidi ya Khufu ku Giza, yotalika mamita 146 pomwe inkamangidwa, manda a Tutankhamun omwe Howard Carter anawapeza mu 1922, ndi mtembo woumitsidwa ndi mchere, ntchito yotenga masiku 70. Pepalalo ndinazungulira nalo kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni ya Kasungu. Anandionetsa ambiri, koma langa panalibe. Osataya nthawi kumeneko ngati dzina la buku mulibe.

Chomwe chinathandiza ndi kufunsa akuluakulu. Ndinapita kumudzi, ndinakhala pamphasa ndi mayi.

"Amayi, buku lija la zithunzi za ku Iguputo munaliika kuti?"

"Lija unkakana nalo kukatunga madzi? Akafunseni malume anu, anatenga sutikesi yonse titasamuka."

Malume tsopano maso anachita mdima, koma anangoloza kudenga. Sutikesi yachitsulo inali pamtanda, pansi pake pali makadi akale ogulitsira fodya. Bukulo linali mkati, chiswe chitadya ngodya imodzi, masamba atamatirirana ndi chinyezi.

Apa mpofunika kuleza mtima. Sindinaliike padzuwa, chifukwa mapepala akale amauma n'kuyamba kuthetheka. Ndinaliyanika pakhonde pamthunzi masiku atatu, kenako n'kumalekanitsa masamba limodzilimodzi ndi mpeni wosathwa, dothi la chiswe n'kumalichotsa ndi mswachi wofewa. Msana wake ndinausoka ndi ulusi, n'kumatapo kansalu ka chitenje, chikuto n'kudula pa katoni.

Tsamba lomwe ndinkalifuna kwambiri linapulumuka. Si la golide wa mfumu ayi. Ndi la mlimi ataima m'mbali mwa mtsinje wa Nile, akutunga madzi ndi mtengo wautali wokhala ndi ndowa mbali ina, mwala mbali inayo. Chaka chilichonse Nile ankasefukira n'kusiya dothi lakuda lachonde, anthu n'kubzala tirigu ndi balere madzi akaphwa. Ndili mwana ndinkati munthuyo ndi agogo anga kudimba kwawo m'mbali mwa Bua, ndipo nditamuonanso misozi inalengeza.

Malume anapempha kuti ndiwawerengere. Anamvetsera mpaka pomwe akunena za mwala wa Rosetta, wopezeka mu 1799, womwe unathandiza anthu kuwerenga zilembo za Aiguputo, kenako anati, "Pita nalo, mphwanga, koma mwanayo azisamba m'manja asanaligwire."